Zithunzi M'nyumba ya Mulungu: Kodi Kamera Ili ndi Malo M'kachisi?



Sabata ino tiyeni tisinkhesinkhe limodzi za mwambo wina umene wazika mizu m'maiko a ku Ulaya, makamaka ku France. M'midzi ndi m'matauni a kumeneko muli timatchalitchi ta miyala tambirimbiri tomwe tinamangidwa zaka 600, 700 ngakhale 800 zapitazo. Tina tili m'mbali mwa misewu yakale yomwe ankadutsamo akhristu a pa ulendo wa mapemphero, tina tili pamwamba pa zitunda, tina tili m'kati mwa nyumba zomwe kale zinali za amonke ndi masisitere. Nyengo yotentha ikafika, m'miyezi ya July ndi August, kapenanso kumapeto kwa sabata yachitatu ya September pamene dzikolo limatsegulira anthu onse nyumba zake zakale, zitseko za timatchalitchi timeneti zimatsegulidwa ndipo m'katimo mumaikidwa zithunzi. Zambiri mwa zithunzizo si za akatswiri otchuka ayi. Ndi za aphunzitsi, alimi, ana a sukulu ndi agogo opuma pa ntchito, anthu amene amajambula chifukwa chongokonda kujambula, ndipo amakumana m'magulu a ojambula a m'dera lawo.

Akhristu ena a kumeneko amakondwera nazo. Ena zimawawawa mumtima kuona khamu la anthu likuyendayenda ndi kucheza pamalo pomwe makolo awo ankagwada. Ife maganizo athu ndi akuti mwambowu ndi wabwino ndipo ngofunika kuusamala, malinga ngati amene akulowa ndi zithunzi zawo akudziwa kuti nyumba imene alowamoyo ndi ya yani. Tiloleni titambasule chifukwa chake.

Mmene zinthu zinafikira pamenepa

Katchalitchi kakasiya kugwiritsidwa ntchito sikamangokhala phee kudikira tsiku labwino. Mbiri imationetsa kuti kamagwa, kapena anthu amakapezera ntchito ina. Mumzinda wa Rotherham ku England muli katchalitchi ka Amayi Maria komwe kanamangidwa pa mlatho m'chaka cha 1483, kuti apaulendo azipempheramo asanawoloke mtsinje. Boma la mfumu Edward VI litatseka timatchalitchi ta mtundu umenewu mu 1547, nyumbayo inasanduka mogona anthu osauka, kenaka inakhala ndende, ndipo pambuyo pake munthu wina ankagulitsiramo fodya. Inadzabwerera ku ntchito ya mapemphero mu 1924, patapita zaka pafupifupi 400.

Ku France zoterezi zinachitika kwambiri pambuyo pa chipwirikiti cha ndale chomwe chinayamba mu 1789, pamene boma linalanda katundu wa Mpingo n'kumugulitsa. Tchalitchi chachikulu cha ansembe a chipani cha Dominiko Woyera mumzinda wa Arles, chomangidwa m'zaka za m'ma 1400, chinagulitsidwa ndi kugawidwa, n'kusanduka mosungira katundu. Masiku ano ndi chimodzi mwa malo amene mumachitikira chionetsero chachikulu cha zithunzi chotchedwa Rencontres d'Arles, chomwe chinayambitsidwa mu 1970 ndi wojambula Lucien Clergue, mlembi Michel Tournier ndi katswiri wa mbiri Jean-Maurice Rouquette. Ku Perpignan nakonso, kuyambira mu 1989, chionetsero cha zithunzi za atolankhani chotchedwa Visa pour l'Image chimachitikira m'nyumba zakale za mumzindawo, kuphatikizapo tchalitchi chakale cha chipani chomwecho cha Dominiko Woyera, ndipo anthu amalowa ulere. Zimene akatswiri amachita m'mizinda imeneyi ndi zomwe magulu ang'onoang'ono a kumidzi amachitanso m'timatchalitchi ta kwawo, mwa mphamvu zawo zochepa.

Pali chinthu china chofunika kuchidziwa. Lamulo la mu 1905 lolekanitsa boma ndi mipingo ku France linachititsa kuti matchalitchi ambiri a parishi omangidwa chakacho chisanafike akhale m'manja mwa makhonsolo a midzi ndi mizinda. Khonsolo ndiyo imakonza denga likadontha, koma ngati tchalitchicho chidakali cha mapemphero, palibe chochitika china chomwe chingalowemo popanda chilolezo cha wansembe woyang'anira. Choncho pali mitundu iwiri ya nyumba zimene tikukambazi. Zina zinaleka kukhala malo opatulika kalekale ndipo zangotsala ndi maonekedwe a tchalitchi. Zina zidakali zodalitsidwa, ndipo Misa imachitikamo, ngakhale kamodzi pa chaka. Munthu akasakaniza mitundu iwiriyi, mkangano wonse umasokonekera.

Kwa nyumba za mtundu woyamba, nkhani ndi yapafupi. Pakati pa ndende, sitolo ya fodya, mosungira katundu ndi chionetsero cha zithunzi za anthu a m'mudzi, mkhristu aliyense adziwa chomwe angasankhe. Ndiponso nyumba ya miyala yotsekedwa chaka chonse imaonongeka mwakachetechete. Chinyontho chimalowa m'makoma, njiwa ndi mileme zimamangamo, denga limadontha popanda wina woona, ndipo akuba amanyamula ziboliboli za oyera usiku. Pamene anthu akutsegula zitseko, kusesa ndi kulandira alendo, wina amaona mng'alu pakhoma n'kukauza a khonsolo. Nyumba imene anthu amalowamo ndiyo imene amaikumbukira pogawa ndalama zokonzera.

Mpingo ndi zithunzi ndi abwenzi akale

Tisaganize kuti zithunzi ndi mlendo m'tchalitchi. Cha m'ma 600, episkopi wina wa ku Marseille dzina lake Serenus anaphwanya zithunzi za m'matchalitchi ake poopa kuti anthu ayamba kuzipembedza. Papa Gregori Wamkulu anamulembera kalata yomuyamikira pokana kupembedza mafano, koma anamudzudzula chifukwa chophwanya zithunzizo, namufotokozera kuti chithunzi chimaphunzitsa munthu wosadziwa kuwerenga monga momwe buku limaphunzitsira wodziwa kuwerenga. Mu 787 Msonkhano Waukulu wa maepiskopi wachiwiri wa ku Nicaea unatsimikiza kuti zithunzi zoyera n'zololedwa, popeza ulemu umene timapereka kwa chithunzi umapita kwa mwini wake wojambulidwayo. Muzu wa chiphunzitso chimenechi ndi Khristu mwini. Mulungu wosaoneka anadzakhala munthu, anakhala ndi nkhope yoti anthu a ku Nazarete ankaiona tsiku ndi tsiku, ndipo chimene chinaoneka ndi maso chingathe kujambulidwa.

N'chifukwa chake timatchalitchi ta m'nyengo imeneyo tinali todzaza ndi zithunzi kuyambira pansi mpaka kudenga. Mu Sainte-Chapelle ya ku Paris, yomwe mfumu Louis IX anamanga ndipo inadalitsidwa mu 1248, mazenera 15 akuluakulu a magalasi amitundumitundu ali ndi zithunzi zoposa 1,100 zofotokoza mbiri ya chipulumutso. Ku Padua m'dziko la Italy, Giotto anajambula moyo wa Amayi Maria ndi wa Ambuye Yesu pa makoma a katchalitchi ka Scrovegni cha m'ma 1305. Makoma oyera mbee amene timaona m'timatchalitchi tambiri lero nthawi zambiri ndi zotsatira za nkhondo, chinyontho ndi laimu amene mibadwo ina inapakapo. Amisiri amene anamanga nyumbazi ankayembekezera kuti munthu akalowa akweze maso ndi kuyang'ana.

Ndipo kamera itabwera, ena mwa amene anapatsa Mpingo mphatso zazikulu anali anthu ojambula mongokonda. Secondo Pia anali loya. Pa 28 May 1898 analoledwa kujambula nsalu ya ku Turin, imene anthu ambiri amakhulupirira kuti anakulungamo thupi la Ambuye. Pamene ankatsuka chithunzicho m'chipinda chamdima, anaona kuti nkhope yomwe pa nsalupo imaoneka mwachimbuuzi yatuluka bwino lomwe pa galasi lake lojambulira. Za zaka za nsaluyo akatswiri a sayansi amatsutsanabe. Kuyeza kwa mu 1988 kunaonetsa zaka za pakati pa 1260 ndi 1390, ndipo Papa Yohane Paulo Wachiwiri ananena mu 1998 kuti funso limeneli Mpingo umalisiya m'manja mwa asayansi. Komabe nkhope imene loya uja anaitulutsa yathandiza akhristu osawerengeka kusinkhasinkha masautso a Ambuye.

Taganizaninso za Tereza Woyera wa Mwana Yesu, nkhoswe ya mamishoni. Mkulu wake Céline polowa m'nyumba ya masisitere a Karimeli ku Lisieux mu September 1894, analoledwa kulowa ndi kamera yake. Zithunzi zambiri za Tereza ali sisitere, ali ndi anzake pabwalo, akuchapa zovala, akudwala, anajambula ndi mkulu wakeyo. Tereza anamwalira mu 1897 ali ndi zaka 24. Pakanapanda kamera ya m'bale wakeyo, bwenzi lero tili ndi zithunzi zochepa chabe za nkhope yake. Ndipo m'masiku athu ano tili ndi Carlo Acutis, mnyamata wa ku Milan amene anamwalira mu 2006 ali ndi zaka 15. Iye anasonkhanitsa nkhani ndi zithunzi za zozizwitsa za Ukaristia pa kompyuta yake, n'kukonza chionetsero chomwe chayenda m'maparishi ambirimbiri a m'maiko osiyanasiyana. Papa Leo XIV anamulengeza kukhala woyera pa 7 September 2025. Palibe mmodzi mwa atatuwa amene ankadyera kamera.

Pali chifukwa china chimene timakondera zithunzi za anthu wamba m'malo ngati amenewa. Katswiri wotchuka amabwera ndi zithunzi za kutali. Wojambula wa m'mudzi amabwera ndi nkhope ya wophika buledi wa pakona, manja a nkhalamba yokolola mphesa, ana akusewera pamtsinje, chifunga cha m'mawa pamwamba pa minda. Ndi moyo wa mudzi womwewo umene makolo ake ananyamula miyala yomangira katchalitchiko, ukubwereranso pansi pa denga lake. Ndiponso kujambula bwino kumafuna mtima woleza. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Munthu amene wakhala ola lathunthu kudikira kuti dzuwa ligwere bwino pa phiri waphunzira kuyang'ana chilengedwe mwachidwi ndi moyamikira, ndipo mtima wotere suli kutali ndi pemphero. Woonerera nayenso, amene mwina papita zaka makumi awiri asanapondeko m'tchalitchi, amapezeka waima pamalo ozizira ndi achete, kuwala kukulowera pa kazenera kakang'ono kakumwamba, mawu ake atatsika okha popanda womuuza. Zimene Mzimu Woyera angachite ndi mphindi imeneyo sitingazipime ife.

Odandaula nawonso ali ndi mfundo

Tisawapeputse akhristu amene mwambowu umawadetsa nkhawa. Amatikumbutsa za Ambuye Yesu akutulutsa ogulitsa ndi osintha ndalama m'Nyumba ya Mulungu, monga timawerengera pa Yohane 2:13-22, ndipo amafunsa ngati chionetsero si khomo lolowera msika. Amaopanso kuti ana akazolowera kuona tchalitchi ngati malo okachezako, adzakula akuganiza kuti chikhulupiriro ndi chinthu chakale chongoonerera, ngati mphika wa m'nyumba yosungiramo zamakedzana. Mantha amenewa si opanda pake. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo zoonadi pali okonza zionetsero amene amafuna makoma okongola a tchalitchi koma sasamala za Mwini wake.

Mpingo sunatisiye mumdima pa nkhaniyi. Ndime 1210 ya Malamulo a Mpingo imanena kuti m'malo opatulika muzichitika zokhazo zothandiza kupembedza, kupemphera ndi chikhulupiriro, ndipo chilichonse chosagwirizana ndi kuyera kwa malowo n'choletsedwa. Ndime yomweyo imapatsa episkopi mphamvu yololeza ntchito zina, pa nthawi imodziimodzi, ngati sizikutsutsana ndi kuyera kwa malowo. Ndime 1222 imati tchalitchi chikalephereka kugwiritsidwa ntchito ya mapemphero, episkopi angathe kuchipereka ku ntchito wamba, koma osati ntchito yonyansa. Mu November 2018 ku Roma kunachitika msonkhano wokambirana za matchalitchi osagwiritsidwanso ntchito, ndipo malangizo amene anatuluka pambuyo pake analimbikitsa kuti nyumba zotere zizitumikira chikhalidwe, maphunziro ndi ntchito zachifundo, zisagwe m'manja mwa ofuna phindu chabe.

Kwa timatchalitchi tomwe tidakali todalitsidwa, tingaphunzire zambiri ku kalata imene likulu la Mpingo loona za chipembedzo linatulutsa mu November 1987 yokhudza makonsati a nyimbo m'matchalitchi. Kalatayo ikukamba za nyimbo, koma nzeru zake zikukwanira bwino pa zithunzi. Okonza apemphe chilolezo kwa episkopi nthawi idakalipo, atafotokoza zomwe adzachite. Anthu alowe ulere, pasakhale wobwezedwa pakhomo chifukwa chosowa ndalama. Guwa la nsembe ndi malo owerengera Mawu a Mulungu zilemekezedwe. Sakramenti Loyera, ngati n'kotheka, lisamutsidwire pamalo ena oyenera. Ndipo okonzawo avomere kusiya nyumbayo mmene anaipezera. Ife tingaonjezepo kuti asakhome misomali m'makoma, chifukwa pansi pa laimu wa timatchalitchi tambiri pamabisala zojambula zakale zomwe zikaonongeka sizibwereranso, ndipo malonda a zithunzi, ngati alipo, achitikire panja.

Chachikulu kuposa zonsezi ndi chimene chili pa chithunzicho. Sitikunena kuti chithunzi chilichonse chikhale cha mtanda kapena cha kolona. Chithunzi cha mayi akuyamwitsa mwana, cha msodzi akukoka ukonde, ngakhale cha anthu othawa nkhondo, chingathe kukhala m'nyumba ya Mulungu mopanda manyazi, pakuti munthu aliyense analengedwa m'chifaniziro cha Mulungu ndipo masautso a anthu si achilendo pamaso pa Wopachikidwa. Chosayenera ndi chithunzi chimene chimavula munthu ulemu wake: chonyoza thupi, choseka wolumala, kapena chojambula wosauka mobisa kuti wojambulayo atamandidwe. Mbiri ya Laurenti Woyera, dikoni wa ku Roma amene anaphedwa mu 258, imati atalamulidwa kupereka chuma cha Mpingo, anasonkhanitsa amphawi ndi odwala n'kuwaonetsa kuti chuma cha Mpingo ndi amenewa. Chuma sachigwira mwachisawawa. Wojambula mkhristu amapempha chilolezo, amafunsa dzina la munthuyo, ndipo ngati ndi mwana amayamba walankhula ndi makolo.

Nanga mantha aja oti tchalitchi chisanduka malo ongoonerera? Mankhwala ake si kutseka chitseko. Mankhwala ake ndi akhristu kukhalapo. M'dera la Pontivy ku Bretagne, kuyambira mu 1992, timatchalitchi ta m'midzi timalandira ntchito za amisiri a luso nyengo yotentha iliyonse, m'ndondomeko yotchedwa L'art dans les chapelles. Komabe tambiri mwa timatchalitchi tomweto timasungabe chikondwerero cha pachaka cha woyera wake, ndi Misa ndi mdipiti, monga ankachitira makolo awo. Pamene pemphero likupitirira, mlendo amazindikira yekha kuti walowa m'nyumba yamoyo. Ndipo ngati pakhomo pali mkhristu womulandira ndi nkhope yosangalala, wokonzeka kumufotokozera kuti chiboliboli icho ndi cha woyera uti ndipo chifukwa chiyani akunyamula makiyi kapena kakombo, chionetserocho chasanduka kale katekisimu.

Nanga ife kuno?

Kwathu kuno tilibe timatchalitchi ta zaka 700 topanda anthu. Mishoni za Katolika zakale kwambiri m'Malawi zomwe zilipo mpaka lero ndi monga Nzama, yomwe ansembe a chipani cha Montfort anatsegula mu 1901, ndi Mua, yomwe a White Fathers anatsegula mu 1902. Matchalitchi athu amadzaza Lamulungu mpaka ena kuima pazenera, ndipo nyali ya pa tabernakulo imayaka usana ndi usiku. Choncho sitikunena kuti mawa tichotse mabenchi tipachike zithunzi. Holo ya parishi ndi khonde la tchalitchi zilipo, ndipo n'zokwanira. Koma nkhani ya anzathu a ku Ulaya ikutisiyira ntchito ziwiri.

Yoyamba ndi ya ulemu. N'zodabwitsa kuti funso la kamera m'tchalitchi kwathu kuno ndi lalikulu kuposa kwawo, chifukwa aliyense wa ife ali nayo m'thumba. Pa Misa ya ukwati, ya ubatizo kapena ya ana olandira Ukaristia koyamba, timaona mafoni ali m'mwambamwamba, ojambula akudutsa kutsogolo kwa guwa, ena kufika potchinga wansembe pa nthawi yopatula mkate ndi vinyo. Papa Francis anadandaula za khalidwe limeneli polankhula kwa akhristu pa 8 November 2017, ndipo ananena kuti ngakhale ansembe ndi maepiskopi ena amachita nawo, nakumbutsa kuti Misa si chionetsero. Ngati tikuyembekezera kuti wojambula wa ku France, amene mwina sapemphera n'komwe, alemekeze guwa la katchalitchi komwe Misa imachitika kamodzi pa chaka, nanga ife obatizidwa tiyenera kuchita motani pamaso pa guwa lomwe Khristu amadzipereka tsiku ndi tsiku? Banja lisankhe wojambula mmodzi, agwirizane ndi bambo mfumu za poima ndi nthawi yojambula, ndipo ena tonse tiike mafoni m'thumba tipemphere.

Yachiwiri ndi yosunga mbiri. M'masutikesi a agogo athu, pansi pa nsalu zakale, muli zithunzi za tsiku lodalitsa tchalitchi chathu, za kwaya yoyamba, za akatekisi amene ankapalasa njinga mitunda italiitali kukaphunzitsa ku nthambi za parishi, za amayi akuumba njerwa ndi kutunga madzi omangira. Zithunzizo zikudyedwa ndi chiswe ndi chinyontho, ndipo okalamba amene angatchule maina a anthu ali pamenepo akutisiya mmodzimmodzi. Ife achinyamata tili ndi mafoni ndi miyendo yolimba. Mphakati uliwonse ungathe kusankha achinyamata awiri kapena atatu oti ayendere okalamba, apemphe mwaulemu kuona zithunzizo, azijambulenso ndi foni, alembe maina, malo ndi chaka, ndipo chithunzi chenichenicho achisiye kwa mwini wake. Pambali pa zakalezo tiikepo zathu zatsopano: alimi a m'parishi yathu ali kudimba, amayi akuyendera odwala, atumiki a Misa akukonzekera mdipiti. Ndi chilolezo cha bambo mfumu ndi khonsolo ya parishi, zonsezi zingaonetsedwe mu holo pa tsiku la nkhoswe ya parishi yathu, aliyense n'kulowa ulere.

Tisaiwale kuti timatchalitchi ta ku Ulaya tija nato tinali todzaza. Amene ankaimba m'menemo zaka 600 zapitazo sankaganiza kuti tsiku lina zidzukulu zawo zidzafunika chionetsero cha zithunzi kuti zilowe pakhomo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Chimene chimasunga tchalitchi ndi mbadwo umene ukudziwa amene anachimanga, chifukwa chimene anachimangira, ndi Yemwe amakhalamo. Mbadwo umenewo kwathu kuno ndi ife.

Tipemphere. Ambuye Yesu, Inu amene munationetsa nkhope ya Atate, yeretsani maso athu kuti tizikuonani mwa abale athu, makamaka osauka ndi okalamba. Tiphunzitseni kulemekeza nyumba yanu ndi kugwiritsa bwino ntchito luso ndi zipangizo zimene mwatipatsa. Tereza Woyera wa Mwana Yesu ndi Carlo Acutis Woyera, mutipempherere. Amen.